Bowo Likakula, Maring'i Atsopano Sachiza Injini

Pali tsiku limene aliyense wokhala ndi galimoto yakale amaliopa, ngakhale salitchula pakamwa. Ndi tsiku lija pamene munthu uliza injini m'mamawa, n'kusuzumira pagalasi, n'kuona utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo ngati wina wasonkha moto pa zinyalala zonyowa. Kwa ine tsikuli lidafika m'nyengo yozizira ya chaka cha 2023, ndipo ana a sukulu amene ndinkawapitirira pamsewu ndiwo adayamba kundidziwitsa, pogwira mphuno ndi kuseka, kuti zinthu sizili bwino.

Galimoto yangayo ndi Toyota Corolla ya zaka za m'ma 1990, imene idadutsa m'manja mwa anthu angapo isanafike kwa ine. Siyokongola, koma ndiyo imandifikitsa kusukulu nthawi yabwino, ndiyo imatuta chimanga kumudzi nthawi yokolola, ndiponso ndiyo imanyamula mayi anga okalamba kupita nawo kuchipatala mwezi ndi mwezi. Tsono utsi uja sudali nkhani ya manyazi chabe ayi. Ndalemba nkhani ino chifukwa injini imeneyi ndidaikonzetsa kawiri m'miyezi 8 yokha, ndipo ndalama za ulendo woyamba ndidangozitaya m'madzi. Cholakwa changa chidali chimodzi: ndidagula ndisanayeze.

Kodi silinda n'chiyani?

Amene adapopapo njinga akudziwa kale theka la nkhaniyi. Pompi ya njinga ndi chitsulo chamubowo, ndipo m'kati mwake muli kachikopa kamene kamakankha mpweya. Kachikopako kakamagwira bwino m'mbali monse, tayala limalimba msanga. Koma kakatha, mpweya umathawira kumbuyo ndipo munthu umangotuluka thukuta pachabe. Silinda ya injini ndi bowo lotere, lobooledwa m'chitsulo chachikulu chimene amakaniki amachitcha buloko. Chimene chimakwera ndi kutsika m'bowomo ndi pisitoni, ndipo ntchito ya kachikopa kaja imagwiridwa ndi mphete zachitsulo zovekedwa m'chiuno mwa pisitoni, zimene ku galaja amazitcha maring'i.

Injini ya galimoto yanga, yotchedwa 4A-FE, ili ndi masilinda anayi. Bowo lililonse ndi lotambalala mamilimita 81, ndipo pisitoni imayenda mtunda wa mamilimita 77 kuchokera pamwamba kufika pansi. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kaja kamene Nicolaus Otto wa ku Germany adakakhazikitsa m'chaka cha 1876: pisitoni itsika n'kukoka mpweya ndi petulo, ikwera n'kuzipanikiza, pulagi ithetheka moto ndipo kuphulikako kukankhira pisitoni pansi, kenaka ikweranso n'kutulutsa utsi. Mphete zija n'zakale kuposa galimoto yeniyeniyo. John Ramsbottom, katswiri wa sitima zapamtunda ku England, ndiye adapanga mphete yachitsulo yodula mbali imodzi m'chaka cha 1852, ndipo nzeru yake idali yakuti mphete yotere imadzitambasula yokha n'kukanirira kukhoma la silinda. Pisitoni iliyonse ili ndi mphete zitatu. Ziwiri zapamwamba zimatsekera mphamvu ya moto kuti isathawire pansi, pamene yachitatu imapala oyilo pakhoma n'kumubwezera m'munsi kuti asakwere kukapsa.

Tiyeni tiwerengere pang'ono monga timachitira m'kalasi. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, limene ndi liwiro wamba la pamsewu waukulu, pisitoni iliyonse imakwera ndi kutsika ka 50 pa sekondi imodzi. Pa ola limodzi ndi ka 180,000. Paulendo wa maola anayi, monga wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe, ndi ka 720,000. Nthawi yonseyi chitsulo chikukhula chitsulo chinzake, ndipo chozilekanitsa ndi oyilo wopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Wina akalingalira zimenezi, sangadabwe kuti patapita zaka bowo limakula.

Mmene bowo limathera

Silinda siitha mofanana ponseponse, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Malo amene amadyeka kwambiri ndi kumwamba, pamene mphete yoyamba imaima n'kubwerera. Pamenepo ndi potentha koposa, mphamvu ya kuphulika imakankhira mphete kukhoma mwaukali, ndipo oyilo safikapo wokwanira. Kumunsi, kumene oyilo ndi wambiri ndipo kutentha n'kochepa, bowo limatsala pafupifupi monga lidachokera kufakitale. Motero silinda yotha imakhala ngati ndowa: yotambalala kukamwa, yopapatiza pansi. Chachiwiri, mkono umene umalumikiza pisitoni ndi kiranki umapendekeka pogwira ntchito, ndipo umakankhira pisitoni kumbali imodzi kuposa inzake, kotero kuti bowo limene lidali lozungulira bwino limayamba kutenga maonekedwe a dzira. Chachitatu, pamwamba penipeni pamene mphete sizifika sipadyeka konse, ndipo pamatsala kamlomo kamene munthu angakamve ndi chikhadabo.

Nanga chimafulumizitsa kutha kumeneku n'chiyani? Mdani woyamba ndi fumbi. Fumbi la m'misewu yathu m'nyengo ya chilimwe lili ndi timchenga tolimba kuposa chitsulo cha buloko, ndipo sefa ya mpweya ikang'ambika, kapena paipi yochokera kusefayo ikasweka, injini imameza timchengato tsiku ndi tsiku. Mdani wachiwiri ndi oyilo wokhalitsa, kapena uja wogula m'mabotolo osadziwika kochokera. Wachitatu ndi kuzizira. Injini ikakhala isanatenthe, petulo amatsuka oyilo pakhoma la silinda, ndipo chinyezi chosakanikirana ndi utsi chimasanduka asidi wodya chitsulo. N'chifukwa chake maulendo aafupi, onga anga a kunyumba ndi kusukulu, amavulaza injini kuposa maulendo aatali. N'chifukwa chakenso chizolowezi chathu chochotsa themositati, poganiza kuti dziko lathu n'lotentha kale, chili choipa: injini yopanda themositati imachedwa kutentha, ndipo m'mawa uliwonse imadzidya yokha kwa nthawi yaitali. Mdani wachinayi ndi kutentha kopitirira muyeso. Madzi akatha mu rediyeta, pisitoni imafufuma n'kukanda khoma, ndipo mikwingwirima yotere siifafanizika.

Funsani utsi, funsani geji

Utsi wa galimoto uli ndi matanthauzo ake. Wakuda umasonyeza kuti petulo akulowa wochuluka kuposa mpweya. Woyera wosatha, wotsagana ndi kuchepa kwa madzi mu rediyeta, kawirikawiri umaloza gasiketi ya pamutu pa injini. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Komabe utsi wabuluu pawokha sutsimikiza kuti silinda yatha, pakuti oyilo ali ndi khomo lina lolowera: timphira ta pa mavalavu. Timphirato tikauma, galimoto imatulutsa utsi poiliza m'mawa kapena ikangomaliza kutsetsereka phiri, kenaka utsiwo umatha. Vuto lotere limakonzedwa popanda kukhudza mapisitoni, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri.

Pali mayeso osavuta amene amalekanitsa matenda awiriwa. Tsegulani chotsekera cha pothirira oyilo injini ikulira. Mukaona mpweya ndi utsi zikutuluka mwamphamvu ngati mvukuto, ndiye kuti moto ukudutsa maring'i. Masulani mapulagi onse muwaike pamzere. Yakuda ndi yonyowa ndi oyilo ikuuzani silinda yodwala. Kenaka pemphani makaniki ayeze kompuleshoni ndi geji. Pa injini ya mtundu wanga, buku la Toyota limati yabwino imafika cha m'ma 190 psi, siyenera kutsika kupyola 142 psi, ndipo masilinda sayenera kusiyana kuposa 14 psi. Silinda ina ikaonetsa nambala yotsika, thiranimo supuni yaing'ono ya oyilo kudzera pabowo la pulagi, muyezenso. Nambala ikakwera, oyilo uja watseka mpata wa pamaring'i, ndipo vuto lili pamenepo. Ikapanda kusintha, yang'anani mavalavu kapena gasiketi. Mayeso onsewa satha ola limodzi.

Fulumira adadya gaga

Mayeso a geji tidachita, ndipo adaloza maring'i. Makaniki amene ndidapitako, mnyamata wachangu wogwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, adandiuza kuti, “Aphunzitsi, awa ndi maring'i basi. Gulani seti imodzi ndi magasiketi, mkuja mukwera galimoto yanu.” Ndinene chilungamo: atatsegula injini n'kupisa chala m'silinda yachitatu, nkhope yake idasintha, ndipo adanena kuti kukadakhala bwino buloko ikadapita kwa anthu a makina kuti akaiyeze. Ine ndidawerengera mtengo wotsitsa injini yonse, wonyamula buloko, ndi masiku amene ndikadakhala ndikuyenda pansi. Ndidamuyankha kuti ndalama zimenezo ndilibe, angoika maring'i. Iye sadalimbikire. Adakhula m'masilinda ndi sandipepala wapamanja, napukuta ndi kansanza konyika m'petulo, namanga zonse. Kamlomo ka pamwamba kaja kadatsala momwemo.

Kwa masabata 6 ndidali mfumu. Utsi udachepa, ndipo ndinkauza anzanga m'chipinda cha aphunzitsi kuti amene amawononga ndalama zambiri pokonza injini amangopusitsidwa. Kenaka utsi udabwerera, woposa poyamba. Oyilo adayamba kutha lita imodzi pa sabata, ndipo m'injini mudayamba kumveka kaphokoso kakuti tche tche tche. Tsiku lina m'mwezi wa December, mvula ikugwa, ndili ndi mayi anga paulendo wa kuchipatala, pulagi yachitatu idafa ndi oyilo ndipo galimoto idalephera kukwera chitunda. Ndidaima m'matope kukodola magalimoto odutsa, mpaka munthu wina wachifundo adatenga mayiwo. Tsiku limenelo ndidazindikira kuti amene ndidamunyenga si makaniki, koma ine mwini.

Padali chilango china. M'mwezi wa November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Popeza mapisitoni, maring'i ndi magasiketi zonse zimachokera kunja, zimene ndidazikana mu July ndidadzazigula pa mtengo wokwera kwambiri, kuphatikizapo magasiketi ndi maring'i amene ndidali nditalipira kale kamodzi.

Kwa mkulu wa makina

Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 tidatsitsa injini n'kutengera buloko ku shopu ina ya makina okonzera mainjini. Kumeneko ndidapeza bambo wina wa imvi, wosalankhulalankhula. Adatsuka masilinda, natenga geji yoyezera m'bowo ndi mayikuromita, nayeza silinda iliyonse malo 6: pamwamba, pakati ndi pansi, choyamba motsata utali wa buloko, kenaka mopingasa. Nambala iliyonse ankailemba ndi choko pabulokopo. Malire amene Toyota idaika pa injini imeneyi ndi mamilimita 81.23, kutanthauza kuti bowo likakula ndi kachigawo kopitirira pang'ono milimita 0.2, basi latha. Kachigawo kameneka n'kofanana ndi tsitsi litatu la munthu loikidwa pamodzi. Silinda yanga yachitatu idali pa 81.31 kumwamba, pamene kumunsi idali isanasunthe kwenikweni pa 81. Ring'i yake yapamwamba, ija yatsopano, idatuluka ili zidutswa ziwiri.

“Bambo, nanga ring'i yatsopano ithyoka bwanji m'miyezi yowerengeka?” ndidafunsa.

“Aphunzitsi, bwerani muone nokha,” adatero mkuluyo. Adatenga ring'i ina yabwino, naiika kumwamba kwa silinda ija, nayatsa tochi kunsi kwake. Kuwala kudadutsa mbali ziwiri, kopyapyala ngati mwezi wongooneka kumene. “Ring'i ndi yozungulira, bowo lanu ndi dzira. Zigwirizana bwanji? Ndiponso ikamatsika iyenera kufinyika, ikamakwera iyenera kutambasuka, chifukwa bowoli n'lalikulu kumwamba. Waya mukamaupinda uku ndi uku tsiku lonse, umatani?” Kenaka adandigwira chala n'kuchiyendetsa pa kamlomo kaja. Adafotokoza kuti ring'i yakale idatha limodzi ndi khoma, ndipo m'mphepete mwake mudali mutabulungika molingana ndi kamlomoko. Koma yatsopano ili ndi m'mphepete mwakuthwa, ndipo nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba imagunda pamenepo. Kaphokoso kaja kadali ka ring'i ikumenya khoma ka 50 pa sekondi.

Zonsezi adaziona m'mphindi zosakwana 30, ndipo mtengo woyezera udali wochepa kuposa wa gasiketi imodzi imene ndidaitaya.

Njira zinayi za munthu wa thumba lochepa

Nambala zikadziwika, mwini galimoto ali ndi njira zinayi, ndipo si iye amene amasankha koma nambalazo.

Njira yoyamba, yotsika mtengo koposa, ndi kuika maring'i atsopano m'bowo lakale. Njirayi si yoipa ayi, malinga ngati bowo lisanapyole malire ndipo khoma lilibe mikwingwirima yozama. Koma ili ndi malamulo ake. Kamlomo kaja kayenera kupalidwa ndi chida chake. Khoma, limene limakhala litasalala ngati galasi, liyenera kukhulidwa ndi timiyala tozungulira pa makina obowolera, tokwezedwa ndi kutsitsidwa mofulumira kuti tisiye timizere topingasana. Timizereti ndi timene timasunga oyilo ndi kuthandiza maring'i atsopano kukhazikika. Sandipepala wapamanja sangathe kuchita zimenezi. Dziwaninso kuti timiyalato timangokonza nkhope ya khoma. Sitisandutsa dzira kukhala lozungulira.

Njira yachiwiri ndi imene amakaniki amaitcha ribowa: kukulitsa mabowo ndi makina mpaka akhalenso ozungulira ndi owongoka, n'kuikamo mapisitoni okulirapo ndi maring'i ake. Pa injini ya 4A-FE mapisitoni otere ndi oonjezera milimita 0.50, pa mainjini ena amapezeka a 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00. Masilinda onse amakulitsidwa mofanana, ngakhale wodwala atakhala mmodzi. Chinthu chofunika kukumbukira n'chakuti mapisitoni amagulidwa poyamba, kenaka wa makina amawayeza n'kudula bowo molingana nawo, chifukwa mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma umawerengedwa m'zigawo za milimita zogawidwa ka 100. Alipo anyamata amene amakhulupirira kuti ribowa imapatsa galimoto mphamvu zoopsa. Masamu akukana: kukulitsa bowo kuchoka pa 81 kufika pa 81.5 kumangokweza injini kuchoka pa 1,587 cc kufika pa 1,607 cc. Mphamvu imene munthu amaimva pambuyo pake ndi ija idatayika kale, imene yangobwerera.

Njira yachitatu ndi kuika silivu, chitsulo chonga paipi chimene amachikhomera m'bowo lokulitsidwa kuti likhale khoma latsopano. Imathandiza pamene silinda imodzi yakandika mozama, kapena pamene buloko idakulitsidwa kale mpaka pamapeto. Mainjini ambiri a dizilo a malole ndi mathirakitala amapangidwa ndi masilivu ochotseka kuchokera kufakitale, ndipo n'chifukwa chake amakonzedwa kambirimbiri. Pa galimoto yaing'ono ntchitoyi imafuna mmisiri wodziwadi, apo ayi silivu imasuntha.

Njira yachinayi ndi kugula injini yogwirapo kale ntchito kunja, monga zimene zimagulitsidwa ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande ndi ku Limbe mu Blantyre. Nthawi zina iyi ndiyo njira yanzeru, makamaka ngati kiranki ndi mutu wa injini nazonso zatha. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: injini yotsukidwa bwino kunja siulula zaka zake. Onani mapulagi ake, suzumirani pothirira oyilo, yezani kompuleshoni, ndipo gwirizanani ndi wogulitsa polemba kuti mungaibweze m'masiku angati ikapezeka ndi vuto. Musaiwalenso kuti nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a galimoto, choncho kusinthako kuyenera kudziwika ku ofesi yoona za pamsewu.

Pano ndichenjeze eni magalimoto atsopanoko. Buloko ya injini yanga ndi yachitsulo chokhaokha, n'chifukwa chake imalola kukulitsidwa. Koma injini ya 1NZ-FE, imene ili mu Sienta, Probox ndi ma Corolla ambiri a zaka za m'ma 2000, ili ndi buloko ya aluminiyamu yokhala ndi makoma opyapyala achitsulo oumbidwira momwemo, ndipo a Toyota eni ake amati siyoyenera kuikulitsa. Funsani za mtundu wa injini yanu musanalonjezedwe ribowa.

Palinso njira zabodza zimene zimakopa munthu wosauka. Oyilo wolimba kwambiri ndi mankhwala a m'mabotolo othira mu injini zimabisa utsi kwa kanthawi, koma sizibwezera chitsulo chimene chidadyeka. Ena amagula maring'i aakulu n'kuwapala kunsonga kuti alowe m'bowo lakale. Ring'i yotere ikakwana kumwamba kotambalala, imathina kumunsi kopapatiza, ndipo ikatentha nsonga zake zimagundana n'kukanda khoma.

Posunga ndalama ndi posasunga

Ine ndidatsata njira yachiwiri. Ndalama ndidakongola ku banki m'khonde, ndipo kwa miyezi iwiri ndinkapita kusukulu pa kabaza. Komabe kuyeza komweko kudandipulumutsira zambiri. Kiranki itayezedwa idapezeka yabwino, motero sitidaipale, tidangosintha mabering'i. Mutu wa injini udali wowongoka, ndipo tidangosintha timphira ta mavalavu ndi kupera mavalavuwo kuti azitseka bwino. Ntchito yomasula, yotsuka ndi yonyamula ndidathandizana ndi mnyamata yemwe uja wa pansi pa mango Loweruka ndi Loweruka, pakuti mlandu sudali wake. Zimene mkulu uja adandiletsa kuumira ndi izi: mapisitoni ndi maring'i a kampani yodziwika, gasiketi ya pamutu, lamba wa taimingi, themositati, sefa ya oyilo ndi sefa ya mpweya.

Adandiphunzitsanso zinthu zimene sizilira ndalama koma kudekha. Buloko ikachoka pa makina, m'makoma mwake mumatsala timchenga ta miyala ija, ndipo petulo sachotsa timchengati. Pamafunika madzi otentha, sopo ndi burashi, kutsuka mobwerezabwereza mpaka nsalu yoyera yopukutira ituluke ili mbee, kenaka kuumitsa ndi kupaka oyilo nthawi yomweyo kuti dzimbiri lisagwire. Ring'i iliyonse iyenera kuyesedwa m'silinda yake isanavekedwe pa pisitoni, ndipo mpata wa pakati pa nsonga zake uyezedwe ndi timasamba tachitsulo toyezera. Pa bowo la kukula uku, ring'i yapamwamba imafuna mpata wa pafupifupi milimita 0.3 kuti ipeze kofufumira ikatentha. Mbali ya ring'i imene ili ndi chizindikiro iyang'ane kumwamba, ndipo mipata ya maring'i atatuwo isakhale pamzere umodzi. Mabawuti a pamutu amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, motsata ndondomeko ya m'buku, osati mongoyerekeza ndi mkono.

Injini ikalira, ntchito siinathe. Pa makilomita 1,000 oyamba maring'i ndi khoma zimakhala zikuzolowerana. Galimoto isasenzetsedwe katundu wolemera, isathamangitsidwe mpaka pamapeto, komanso isasiyidwe ikungolira pamalo amodzi kwa maola, chifukwa maring'i amafuna kukankhidwa pang'ono kuti akhazikike. Yendani mosinthasintha liwiro, ndipo pakutha pa mtundawo tayani oyilo ndi sefa yake, pakuti zimakhala zitatola tizitsulo tonse topalika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira pamene ndidatsata zimenezi, galimoto yanga siidyanso oyilo pakati pa nthawi zosinthira, ndipo mayi anga sadaimenso pamvula.

Kwa otsiriza sukulu ndi aphunzitsi anzanga

Ndisanachoke ku shopu kuja, ndidafunsa mkulu uja ngati ali ndi womuphunzitsa ntchito. Adapukusa mutu nati, “Anyamata obwera kuno ndi ambiri, mwana wanga, ndipo sipanala amaigwira bwino. Koma ndikawapatsa mayikuromita kuti awerenge, amandiyang'ana kumaso.” Mawu amenewa adandilasa monga mphunzitsi. Nambala zija za kuseri kwa kadontho, zimene ophunzira athu amazitenga ngati chizunzo cha mayeso, ndizo zimalekanitsa 81.03 ndi 81.31, ndiye kuti injini yamoyo ndi injini yakufa.

Inu amene mwatsiriza Fomu 4 ndipo mukufunafuna kolowera, musapeputse ntchito imeneyi. Magalimoto ambiri a m'dziko muno amafika atayenda kale kwina, ndipo onsewo tsiku lina adzafuna munthu wodziwa kuyeza. Makoleji a ntchito zamanja monga a Lilongwe, Nasawa ndi Mzuzu amaphunzitsa umakaniki wa magalimoto, ndipo bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro otere. Womasula ndi kumanga mabawuti amapezeka pangodya iliyonse, koma amene angauze mwini galimoto kuti “bowo lanu lapyola ndi 0.08, maring'i okha sathandiza” ndi wosowa, ndipo anthu amamufunafuna ngakhale akhale kutali.

Aphunzitsi anzanga, makamaka a masamu ndi sayansi, pemphani pisitoni yakutha ku galaja ya pafupi mupite nayo m'kalasi. M'kachitsulo kamodzi kameneka muli phunziro la kukhulana kwa zinthu, la kufufuma kwa chitsulo chikatentha, la kupanikizika kwa mpweya ndi la kuwerengera kukula kwa silinda. Ine ndidasunga zidutswa ziwiri za ring'i ija m'kabati ya tebulo langa. Ophunzira akandifunsa kuti madesimali adzawathandiza chiyani m'moyo, ndimazitulutsa, n'kuwauza mtengo umene ndidalipira.

M'gawo lotsatira tidzaona za rediyeta ndi madzi a injini, ndi chifukwa chake madzi a pachitsime sali bwenzi la galimoto.